Si onse amene mukuwaona ku Den Haag ali a ku Pakistan

Achemwali, mwafunsa ngati amwenye onse amene mukukumana nawo mumzinda wa Den Haag ku Netherlands ndi ochokera ku Pakistan, komanso ngati amakhalitsana bwino ndi eni dziko. Poyamba penipeni, ayi, si onse. Ambiri amene mukugundana nawo mapewa pamsika wa Haagse Markt ndi ochokera ku Suriname, dziko la ku South America lomwe linkalamulidwa ndi Adatchi. Makolo awo anatengedwa ku India kuyambira mu 1873 kukalima m'minda ya atsamunda ukapolo utathetsedwa, ndipo Suriname italandira ufulu mu 1975, khwimbi la anthu linasamukira ku Netherlands. Amalankhula Chidatchi ndi Sarnami, ambiri ndi Ahindu. Mukawafunsa za Lahore, mzinda wa ku Pakistan, angokuyang'anani, kwawo ndi ku Paramaribo, likulu la Suriname.

A ku Pakistan enieni ndi ochepa, m'zaka zapitazi akhala pakati pa 20,000 ndi 30,000, pomwe a ku Turkey ndi a ku Morocco gulu lililonse linadutsa 400,000. Chifukwa chake n'chakuti boma la Netherlands linachita mapangano otengera antchito ku Turkey mu 1964 ndi ku Morocco mu 1969, koma ndi Pakistan silinachite. A ku Pakistanwo anabwera mmodzimmodzi, makamaka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ambiri ochokera ku Punjab. Wina akapeza pogwira, amaitana mng'ono wake, mng'onoyo n'kuitana mlamu. N'chifukwa chake anaunjikana ku Amsterdam, Rotterdam ndi Den Haag, m'magolosale, m'malesitilanti, m'mabutchala a halaal ndi pa matakisi. Lero njira imeneyi inapanikizika. Kuyambira mu 2006, wofuna kutsatira mwamuna kapena mkazi wake amayenera kukhoza mayeso a Chidatchi ali konko ku Pakistan.

Musawaikenso m'thumba limodzi pa nkhani ya chipembedzo. Mzikiti woyamba kumangidwa m'dzikomo, wa Mobarak, uli mumzinda wanu womwewo ndipo unatsegulidwa mu 1955 ndi a Ahmadiyya, gulu limene limadzitcha la Chisilamu. Nyumba ya malamulo ya Pakistan inagamula mu 1974 kuti anthu amenewa si Asilamu, mu 1984 boma la asilikali la Zia-ul-Haq n'kuwaletsa ngakhale kudzitchula choncho. Ena anathawa kwawo pa chifukwa chimenechi, chimodzimodzi Akhristu ena. Ndiye mukamacheza ndi munthu, funso loti amapemphera kuti lisakhale loyambira. Adzanena yekha.

Tsopano za kukhalitsana. Tsiku ndi tsiku palibe chodabwitsa, ana obadwira konko amalankhula Chidatchi kuposa Urdu ndipo amapalasa njinga ngati wina aliyense. Pomwe pamavuta ndi pa ndale. Mu 2018 Geert Wilders, wandale wa ku Netherlands wotsutsa Chisilamu, analengeza mpikisano wojambula zithunzi za Mtumiki Muhammad. Ku Pakistan kunabuka zionetsero, iye n'kuuimitsa mpikisanowo. Mu 2023 khoti la ku Netherlands linagamula kuti Khalid Latif, amene kale ankasewera kiriketi m'timu ya Pakistan, akakhale kundende zaka 12 chifukwa cholonjeza ndalama kwa wopha Wilders, ngakhale mwiniwakeyo sanaonekere m'khoti. Chaka chomwecho chipani cha Wilders chinapambana chisankho ndi mipando 37 ya m'nyumba ya malamulo. Mmene ndikuonera ine, wovutika pa zonsezi ndi bambo wogulitsa mpunga ndi tsabola ku Rotterdam, amene sanajambule chithunzi, sanaopseze munthu, koma ndi amene amafunsidwa mafunso.

Mukafuna poyambira macheza, yambani ndi kiriketi. Pa 6 November 2022 timu ya Netherlands inagonjetsa South Africa ku Adelaide pa mpikisano wa dziko lonse wa kiriketi yofupikitsidwa yotchedwa T20, ndipo ndi chipambano chimenecho chomwe chinatsegulira Pakistan njira yofikira mu semifainolo. Ingotchulani tsikulo kwa mwini golosale, muone ngati muchokepo msanga.