Penshoni imasunga ndani m'boma, nanga imathamangitsa ndani?

Mmodzi mwa owerenga, amene amalemba anthu ntchito m'boma, watumiza imelo kufunsa kuti: mainjiniya ndi anamwino akutithawa, kodi tikasintha penshoni adzakhazikika? Funso lanuli landikhudza, chifukwa kawirikawiri osintha penshoni maso awo amakhala pa ngongole ya boma, wantchito n'kuiwalika.

Penshoni yachikale imawerengedwa chonchi: zaka zimene munthu wagwira, kuchulukitsa ndi peresenti yoikika, kuchulukitsanso ndi malipiro ake omaliza. Tiyerekeze kuti peresentiyo ndi 2. Wogwira zaka 30 adzalandira 60 peresenti ya malipiro omaliza. Wosiya atagwira zaka 10 ali ndi 20 peresenti, koma ya malipiro a chaka chimene anachoka, ndipo ngati lamulo silinena kuti ndalamayo izikwezedwa, kukwera mitengo kwa zinthu kumaidya zaka zonse zimene akudikira kukalamba. Dongosolo lotere limagwira mwendo munthu wa zaka 50, pomwe wa zaka 28 sakuonapo chake. Anthu amene mukudandaula kuti akukuthawaniwo ndi omwe penshoniyi imawalanga.

Komatu kuithetseratu n'kulakwitsa kwakukulu, ndipo pamenepa sindigonja. Ku West Virginia, chigawo cha dziko la America, anatsekera aphunzitsi atsopano penshoni yotsimikizika yachikaleyi mu 1991, n'kuwapatsa thumba loti aliyense azisunga payekha. Mu 2005 anaitsegulanso, ndipo mu 2008 ambiri anasamukira ku yakale ija ataona kuchepa kwa zimene anasunga. Alaska, chigawo china cha America, nayo inatseka penshoni yachikale n'kupereka thumba lotere kwa olembedwa ntchito kuyambira mu 2006. Kumeneko ndalama zimene boma limathira m'thumba zimakhala za wantchito zonse akakwanitsa zaka 5. Taganizani: boma lamuphunzitsa munthu, wadziwa ntchito, ndiye pa nthawi yomweyo palibenso chomuletsa kunyamula thumba lake n'kupita.

Chinanso chimene anduna a zachuma sakonda kumva n'choti kutseka dongosolo lakale sikufafaniza ngongole yake. Opuma kale ayenera kulandirabe, koma achinyamata osonkhamo kulibenso. Ndipo kugawa antchito potengera zaka zakubadwa kuli ndi msampha wake. Britain itasintha penshoni za m'boma mu 2015 inasiya oyandikira kupuma m'dongosolo lakale, koma mu 2018 khoti la apilo linagamula kuti kumeneko kunali kusala achinyamata, boma n'kuyambanso kukonza. Ngakhale zinali choncho, maziko a kusinthako anali abwino: antchito a m'maunduna amasonkhanitsa penshoni yokwana 2.32 peresenti ya malipiro a chaka chilichonse, ndipo ndalamayo imakwezedwa motsatira mitengo. Zikatero zaka zoyambirira zimakhala ndi phindu, komanso chinyengo chokweza munthu udindo chaka chomaliza kuti penshoni ifufume chimatha mphamvu.

Nanga muchite chiyani?

Musanakhudze lamulo, tengani mafayilo a onse amene anasiya ntchito, muwasanje potengera zaka zimene anagwira ndi luso lawo. Ngati ambiri akuchoka zaka 3 zisanathe, vuto ndi malipiro, nyumba kapena mabwana, penshoni singawabweze. Ngati akuchoka pakati pa zaka 5 ndi 15, phatikizani njira ziwirizi monga boma la America linachitira kuyambira mu 1987: penshoni yotsimikizika ya 1 peresenti pa chaka, imene munthu amaiyenerera akakwanitsa zaka 5, kuphatikiza thumba loyenda nalo limene boma limathiramo mpaka 5 peresenti ya malipiro. Zimene anthu anagwirira kale musazikhudze. Wobwerera m'boma zaka zake zakale ziziwerengedwa. Ndipo opuma azilandira ndalama zawo mwezi woyamba womwewo, chifukwa namwino wachinyamata akaona amene anamuphunzitsa ntchito akuyendera mafayilo chaka chathunthu, sangakhulupirirenso lonjezo lililonse limene mungamulembere.