Oyeserera kukhala ku Mars amatandala akuchita chiyani?

Achimwene, mwafunsa kuti anthu amene amadzitsekera m'kanyumba kuchipululu n'kumayeserera kuti ali ku Mars amatandala akuchita chiyani, komanso ngati si masewera a anthu okhuta basi. Ena ayankha kale kuti amangojambulitsa atavala zovala za m'mlengalenga. Kujambulitsako kulipo ndithu, koma ntchito imene imawadyera nthawi ndi yosakoma kuionera: kuwerenga mamita, kulemba manambala, kupukuta fumbi, kumanga zomwe zakhwefuka.

Titenge malo otchedwa Mars Desert Research Station, pafupi ndi katauni ka Hanksville ku Utah, m'dziko la America, omwe eni ake ndi bungwe la Mars Society. Kagulu kamalowa n'kukhala masabata awiri m'nyumba yozungulira, yosanja, ya mamita 8 m'mimba mwake. Mmodzi amakhala injiniya, ndipo madzulo aliwonse amatumiza lipoti: madzi atsala ochuluka bwanji m'thanki, mabatire a timagalimoto tawo ali pati, chawonongeka n'chiyani. Zovala zotulukira panja zija zili ndi kafani kopemerera mpweya m'chipewa, ndiye batire lake likaiwalika kutchajidwa, ulendo wa m'mawa wafa. Madzi amachita kubwera nawo pagalimoto. Nambala ya lero payokha sinena kanthu, imayamba kulankhula ukaiika pambali pa ya dzulo ndi ya dzana. Thanki ikatsika kwambiri pomwe palibe wasamba kapena kuthirira mbewu, penapake pakudontha, ndipo wadziwa madziwo asanathe.

Ku Hawaii, paphiri la Mauna Loa, anthu 6 anakhala chaka chathunthu kuyambira mu 2015 mpaka mu 2016 m'pulojekiti ya HI-SEAS. Magetsi awo anali a sola, choncho kukachita mitambo ankazimitsa zina kuti mabatire afike m'mawa. Kusamba kunali kwa mphindi 8 pa sabata yonse. Ndi dzuwa la kuno ku Mangochi mu Okutobala, ine akanandipeza nditathyola chitseko. Uthenga wawo unkachedwetsedwa dala ndi mphindi 20 kupita, 20 kubwera, monga zimakhalira Mars ikatalikira. Pampu ikafa sungaimbe foni kuti amisiri akuuze chochita pompo. A NASA, bungwe la boma la America lofufuza za m'mlengalenga, nawo anatsekera anthu 4 mumzinda wa Houston kwa masiku 378, kuyambira mu Juni 2023 mpaka mu Julayi 2024, ndipo kuwonongeka kwa zipangizo kunali mbali ya mayesowo mwadala.

Asodzi a ku Makawa kapena ku Msaka izi sangazidabwe. Munthu salowa pakati pa nyanja usiku asanaone mafuta ndi pulagi yapadera, chifukwa injini ikazima kumeneko kulibe golosale.

Nkhani imene imanditsimikizira ine kuti kulembaku si mwambo chabe ndi ya Biosphere 2 ku Arizona, ku America komweko. Mu 1991 anthu 8 anatsekeredwa kwa zaka ziwiri m'chinyumba chagalasi chosalowa mpweya wakunja, akulima okha chakudya. Okosijeni, mpweya umene thupi limafuna tikamapuma, anayamba kutsika pang'onopang'ono, kuchoka pa 21 peresenti mpaka kufika cha m'ma 14. Kutsika kotere munthu sakumva tsiku limodzi, amangoona kuti akutopa msanga, tulo sakugona bwino. Omwe ankadya okosijeniyo anali tizilombo ta m'dothi lawo, lomwe linali ndi manyowa ambiri. Koma masamu sankagwirizana: tizilombo tikadya okosijeni timatulutsa mpweya wina wotchedwa carbon dioxide, ndipo ameneyu sankakwera mofanana ndi okosijeni wosowayo. Kusiyana kwa manambala awiriwa n'kumene kunawatuma kukafufuza, mpaka anapeza kuti konkire ya nyumbayo inkamwa carbon dioxide uja. Mu Januwale 1993 anachita kupopera okosijeni kuchokera panja. Ku Mars panja pakepo sipangachoke thandizo lotere.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi apa: ku Utah ndi ku Hawaii mpweya womwe amapuma ndi wa dziko lomwe lino, ndipo wina akadwala kwambiri chitseko chimatsegulidwa. Mantha enieni sangayeserereke. Masabata awiri a ku Utah nawonso ndi ochepa kuti chipangizo chionetse ukalamba wake, n'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri mayeso a chaka aja. Koma funso loti anthu 4 amatha madzi ochuluka bwanji pa mwezi, kapena sefa imatenga nthawi yaitali bwanji isanatsekeke, limayankhidwa ndi manambala a tsiku ndi tsiku omwewa, ndipo okonza ulendo amayenera kudziwa zosinthira zoti anyamule roketi isananyamuke. Ngakhale fumbi amalilemba. Chombo cha NASA chotchedwa InSight chinasiya kugwira ntchito ku Mars mu Disembala 2022 chifukwa fumbi linakwirira masola ake, popanda wowapukuta.