Musapereke makiyiwo

Mayi anzanga amene amuna anu amwalira, makiyi a nyumba amene azilamu anu akufunawo musawapereke, ngakhale akuopsezeni motani, chifukwa ine ndinapereka ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Bambo a ana anga atamwalira, tisanamete n'komwe, achimwene awo aakulu anafika ndi lole. Ndinali nditakhala pamphasa m'chipinda, amayi a mpingo akuimba panja, pamene ndinamva firiji ikukokedwa pasimenti. Anatenga matiresi, mipando, ndi makina anga osokera amene ndinagula ndi ndalama za banki mkhonde, ndipo ndiwo za anthu odzakhuza maliro anazikhuthulira m'beseni kuti atenge mapoto. Mwana wanga wa zaka 6 anakakamira mwendo wa tebulo akulira, iwo n'kumuchotsa zala chimodzichimodzi. Ine ndinangowerama, poti tinaleredwa kuti namfedwa sayankhula.

Anthu amenewo sanabwere ngakhale tsiku limodzi pamene m'bale wawo ankadwala, ndinkamusambitsa ndekha, koma tsiku limenelo ankadziwa malo a chinthu chilichonse. Ankhoswe anga omwe ndinkawadalira anangoti tisayambanitse mabanja.

Patapita miyezi ingapo ndi pamene ndinamva kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana patsogolo, kuti katundu wa m'nyumba amakhala wa wotsalayo, ndiponso kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kupita nawo kundende. Ndinanyamuka ndekha kukadandaula, ndinayankhula mawu akunjenjemera pamaso pa alamu omwewo, ndipo makina anga anabwezedwa, ngakhale anabwera atathyoka.

Inuyo lembani lero katundu yense m'kope, mumujambule pafoni, ndipo chiphaso cha imfa, kalata ya ukwati ndi mapepala a malo mukasungitse kwa munthu wodalirika kunja kwa nyumbayo. Pitani ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza ya polisi ya kwanuko, kapena ku Legal Aid Bureau kumene amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo mukafotokoze nkhaniyo ndi pakamwa panu. Komabe apongozi musawakwezere mawu, ana aja ndi magazi awo, choncho muyambe mwaitana ankhoswe ndi amalume anu kuti akambirane nawo mwamtendere musanafike kwa boma. Azilamuwo akabwera ndi galimoto zokambiranazo zisanathe, muime pakhomo ndipo muitane anansi adzaone.