Za Linux pa matabuleti otchipa, kuyankha aphunzitsi a ku Chadiza

Aphunzitsi, ndaliona funso lanu. Mwati muli ndi matabuleti awiri, ya Android yomwe munagula kuno ku Chipata ndi ya Windows yomwe achibale anakutumizirani, mufuna muikemo Linux, system yaulere yoyendetsera kompyuta, kuti ana a kusukulu kwanu aziphunzirirapo, koma ya Android ikukaniratu kubuta pa flash pomwe ya Windows yabuta Ubuntu, mtundu umodzi wa Linux, bwinobwino koma touch siikugwira, Wi-Fi kulibe, sound zii. Nde mwafunsa kuti Linux yabwino ndi iti. Anzanga ena akuti yesani Mint, ena Zorin, ena Lubuntu poti ndi yopepuka, ine ndikuti chonde musathere mabandulo kudaunloda ma ISO amenewa, mafayilo oinstolera Linux aja, vuto silili pa dzina. Onsewa pansi pake ndi kernel imodzimodzi ya Linux, mtima wa system womwe umalankhula ndi zida za mkati, ngati kernel ilibe driver, kapulogalamu koyendetsa touch yanuyo, olo musinthe kakhumi palibe chomwe chisinthe.

Ndiyambe ndi ya Android chifukwa ndi yomwe mungaiphe mosavuta.

Laputopu ili ndi BIOS kapena UEFI, ukaiyatsa imauza system iliyonse kuti muno muli sikirini yakuti, sound yakuti, batire lili apa, nchifukwa chake flash imodzi ya Ubuntu imabuta pa HP, pa Dell, pa Lenovo osavuta. Matabuleti a Android alibe zimenezi. Mkati muli chip ya ARM, kawirikawiri ya MediaTek, Unisoc, Allwinner kapena Rockchip, ndipo chip imeneyi siidziwa yokha zomwe ailumikiza nazo, pamafunika fayilo yomwe amati device tree yofotokoza kuti touch ili pa waya uti, sikirini ndi ya mtundu wanji, kabatani ka volume kali pati, ndipo fayiloyi munthu amachita kuilemba pa board iliyonse payokha. Sipeya ya njinga mukaigula pa Kapata imalowa pafupifupi pa njinga iliyonse, koma matabuletiwa iliyonse ili ndi bauti yakeyake. Choipa kwambiri nchakuti mafakitale a matabuleti opanda dzina lodziwika amaika zomwe zatchipa mwezi umenewo, mungagule awiri a katoni imodzi, dzina limodzi, mtundu umodzi, mukatsegula mupeza touch ndi sikirini za makampani osiyana.

Wina anena kuti koma Android ndi Linux kale. Zoona, kernel yake ndi ya Linux, koma ndi kernel yomwe kampani ya chip inatenga, nkuisintha kwambiri, nkuisiya pa version yakale, ndipo ma driver a graphics, kamera ndi modem ya SIM amabwera atatsekedwa, code yake palibe amene amaiona kunja kwa kampaniyo. Laisensi ya kernel, GPL version 2, imati ukagulitsa chinthu chokhala ndi Linux uzipereka code ya kernel yomwe wasintha. Makampani akuluakulu ngati Samsung amaika yao pa intaneti. Ang'onoang'ono ambiri saika, ena olo webusaiti alibe, pa katoni palibe ndi adiresi yomwe, nde ukadandaule kwa ndani? Apa ndi pomwe zimandiwawa ine aphunzitsi, chifukwa amene amagula matabuletiwa ndi ife, mphunzitsi wa kumudzi, mlimi amene wagulitsa soya kapena nshawa kuti mwana akhale ndi pophunzirira, ndipo pakatha zaka ziwiri kapena zitatu update kulibe, ma app ayamba kukana, chinthu chili bwinobwino sikirini yosasweka koma palibe njira yochipatsira system yatsopano. Siwaulesi anthu a Linux ayi, akumanidwa zofunikira.

Onani za graphics chabe. Mali-400, graphics ya kampani ya ARM yomwe inali m'matabuleti otchipa ambirimbiri, inatuluka mu 2008, koma driver yake yaulere yotchedwa Lima inalowa mu kernel 5.2 mu 2019, limodzi ndi Panfrost ya ma Mali atsopanoko, ndipo zonsezi anthu anachita kufufuza okha mmene chip imagwirira ntchito popanda mabuku a kampani. Zaka 11 zimenezo. Ma chip ngati MediaTek Helio A22 ndi P22 kapena Unisoc SC9863A ali ndi graphics ya PowerVR, driver yaulere ya PowerVR inangolowa mu kernel 6.8 mu 2024 ndipo imagwira pa mitundu yochepa. Olo PineTab2, tabuleti yomwe a Pine64 anaipangira Linux yeniyeni, inatuluka mu 2023 Wi-Fi yake isanayambe kugwira chifukwa driver ya kachip ka BES2600 inali isanapse. Ngati zinavuta kwa anthu amene ntchito yao ndi imeneyi, nanga tabuleti ya pa Down Shops?

Nde musanachite chilichonse ikani app ya CPU-Z kapena Device Info HW muone dzina la chip ndi la board. Mukapeza kasakeni pa wiki ya postmarketOS, gulu lomwe linayamba mu 2017 kuika Linux yeniyeni pa mafoni ndi matabuleti, ali ndi tebulo loonetsa pa chipangizo chilichonse kuti touch ikugwira kapena ayi, Wi-Fi, batire, kamera, zonse. Yanu ngati palibe pamenepo, palibenso pa LineageOS ndi Ubuntu Touch ya a UBports, ma system ena olowa m'malo mwa Android ya kufakitale, basi isiyeni ndi Android yake. Kokha ikakhala ya Allwinner yakale monga A13, A23 kapena A33 pali kamwai chifukwa chip zimenezi zimayamba kuyang'ana memory card zisanayang'ane za mkati, mutha kuyesa Linux pa card osafufuta kanthu, ikakana mungochotsa card ibwerera mwakale. Koma zambiri zili ndi RAM ya 512MB, musayembekeze zambiri.

Chomwe ndikupemphani kwambiri, musalole munthu aiflashe ndi fayilo ya tabuleti "yofanana nayo". Pa MediaTek amagwiritsa SP Flash Tool, akaika preloader yolakwika, kafayilo koyambirira kuyatsa chip, tabuleti siiyakanso olo kalaiti kochajira, ndipo akadina Format All + Download amafufuta malo omwe pamakhala IMEI, nambala yomwe netiweki imadziwira chipangizo, mukaika SIM ya Airtel, MTN kapena Zamtel netiweki siibweranso. Anyamata okonza mafoni ambiri ndi aluso ndithu pa sikirini ndi ma charging port, koma firmware, pulogalamu ya mkati yochokera kufakitale, ya matabuleti opanda dzinawa siipezeka, ikafa yafa. Kutsegula bootloader, loko yomwe imakaniza system ina kubuta, nakonso kumafufuta zonse zili mkati, ndipo ma app ena a banki amakana kugwira pambuyo pake.

Zomwe mufunira anazo zambiri zitheka Android ili momwemo. Ikani Termux, app yolembamo ma command a Linux, kuchokera pa F-Droid, sitolo ya ma app aulere, imafuna Android 7 kupita mtsogolo, mulembe pkg install python basi ana ayamba kulemba mapulogalamu, mukafuna Debian kapena Ubuntu yathunthu ya command line muli proot-distro, osafuna root, chilolezo chosintha system yonse. Touch, Wi-Fi ndi batire zikhala zikugwira chifukwa ma driver ndi omwe aja a Android. Kiwix imasunga Wikipedia pa memory card kuti muziwerenga popanda intaneti, Kolibri nayo ili ndi maphunziro a masamu ndi sayansi oti mudaunloda kamodzi mukabwera mtauni. Kuchedwa kwake nthawi zambiri ndi ma app a malonda omwe anabwera nayo, aja mutha kuwazima mu settings kapena kuwachotsa pa kompyuta ndi adb, kachida kolamulira Android kudzera pa chingwe.

Manje ya Windows ija, iyi nde yoyenera kuilimbira. Ndikuganiza kuti ndi Intel Atom, Z3735F kapena x5-Z8350, onani pa System. Windows 10 a Microsoft anasiya kuipatsa ma update pa 14 October 2025 ndipo ma Atom amenewa sali pa mndandanda wa Windows 11, nde Linux ndiyo njira yomwe yatsala. Mwai wake ngwakuti pali anthu anagwirapo ntchito zaka zambiri, makamaka a Hans de Goede amene anali ku Red Hat, anakhala akukonza matabuleti a Bay Trail ndi Cherry Trail, maina a mabanja a ma Atom amenewa, imodziimodzi mu kernel. Nchifukwa chake apa kernel yatsopano imathandiza kwambiri kuposa Linux "yopepuka" yakale, ine ndingakuuzeni Fedora yatsopano. Kwa ena omwe yao ikukana kubuta flash, matabuleti ambiri a Z3735F ali ndi processor ya 64-bit koma UEFI ya 32-bit, flash imafunika ikhale ndi bootia32.efi, Fedora imabwera nayo kale.

Koma musafufute Windows kaye! Ili ndiye phunziro lalikulu pa zonse ndalemba pano. Mwati mwangobuta pa flash simunainstole, mwachita bwino. Bwererani mu Windows, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe dism /online /export-driver /destination:D:\drivers, D ikhale flash yanu ndipo folda ya drivers muyambe mwaipanga. Chifukwa chake ndi ichi. Matabuleti otchipa ambiri ali ndi touch ya kampani ya Silead, kachip ka GSL1680 ndi abale ake, kameneka kalibe firmware mkati mwake, system imachita kukapatsa nthawi iliyonse mukayatsa, ndipo firmware imeneyi ndi yosiyana pa galasi lililonse. Driver ya Linux ilipo kale koma popanda fayiloyi ingokhala chete. Nthawi zambiri malo okhawo omwe fayilo ya tabuleti yanu ili ndi mu driver ya Windows, SileadTouch.sys kapena kafayilo ka .fw pambali pake. Mukafufuta musanakope mwataya, kampani siidzakupatsani. Pa GitHub pali gsl-firmware pomwe anthu anasonkhanitsa mafayilo a matabuleti ambiri ndi tizida totulutsira firmware mu driver ya Windows, mukaipeza imaikidwa mu /lib/firmware/silead. Kuti mudziwe ngati yanu ndi Silead, butani Linux pa flash, mu terminal, polembera ma command, lembani sudo dmesg | grep -i -E "silead|mssl|goodix|gdix". Ikatuluka MSSL1680 ndi Silead. Ikakhala Goodix sekani, imeneyo imagwira yokha pa kernel yatsopano. Nthawi zina touch igwira koma chozondoka, mukakhudza kumanzere cursor ikupita kumanja, musadandaule, pamenepo nkungouza kernel kukula kwa galasi ndi mbali yomwe latembenukira, ndi ntchito ya mizere ingapo.

Wi-Fi ikhala Realtek RTL8723BS kapena Broadcom. Ya Realtek driver yake inalowa mu kernel 4.12 mu 2017, ngati siikuoneka mwina ISO yanu ndi yakale kwambiri kapena firmware ikusowa. Ya Broadcom imafuna kafayilo ka .txt ka board yanuyo mu /lib/firmware/brcm, nakonso nthawi zambiri kamapezeka mu ma driver a Windows aja mwasunga. Poyembekeza lumikizani foni ndi chingwe muyatse USB tethering, Linux imaiona pompo. Sound kawirikawiri imabwera mukapanga update chifukwa ma profile a ALSA, gawo la sound la Linux, a tima chip ngati RT5640 ndi ES8316 anaonjezedwa pang'onopang'ono. Ikamauma yokha osayenda, limeneli ndi vuto lodziwika la Bay Trail, onjezani intel_idle.max_cstate=1 pa GRUB, pulogalamu yomwe imabutitsa Linux, kungoti batire lizitha msanga. Kamera iwaleni. Driver yake atomisp anaichotsa mu kernel mu 2018, anaibweza mu 2020, mpaka pano imagwira pa matabuleti ochepa.

Konzekani ndi ka OTG kolumikizira za USB pa port yochajira, USB hub, keyboard ndi mouse chifukwa popanda touch simungadine kalikonse. Ambiri mwa matabuletiwa ali ndi port imodzi chabe, yochajira ndi ya flash ndi yomweyo, nde simungachaje mukuinstola, ichajeni idzaze kaye makamaka ndi mmene malaiti amapitiramu, ikazima pakati pa ntchito muyambiranso. Pa desktop, maonekedwe a pa sikirini, pali kusankha kovuta, GNOME ndi yomwe ili ndi keyboard ya pa sikirini yabwino ndi kutembenuka kwa sikirini koma pa RAM ya 2GB imalemera, Xfce ndi LXQt nzopepuka koma zala pa timabatani take nzowawa. Poti ana azilemba code ine ndingasankhe Xfce nkuigulira keyboard ya waya ikhale ngati kalaputopu.

Ndipo ngati a PTA angapeze kandalama, musagulenso tabuleti ina chifukwa cha Linux. Laputopu ya salaula ya ku maofesi, ThinkPad, Latitude kapena EliteBook ya Core i5 olo ya zaka khumi, pafupifupi zonse zimagwira tsiku loyamba, RAM ndi disk mumasintha, batire ndi chaja zimapezeka. Pitani ndi flash yanu ku shopu, mubute pomwepo musanapereke ndalama, muyese Wi-Fi, sound ndi keyboard, wogulitsa akakana pitani kwa wina.

Ponyani muno chithunzi cha CPU-Z cha ya Android ndi zomwe dmesg yalemba pa ya Windows, kuonjezapo zotuluka mukalemba sudo dmidecode -s system-product-name, tione ngati firmware ya touch yanu ilipo kale kapena tichita kuitulutsa mu driver.