Kodi mtengo wa thalakitala amanenerera? Yankho kwa bambo a ku Bua

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Nkhotakota, cha ku Bua uko, dzina sinditchula poti sitinagwirizane zimenezo. Mwachidule akuti amalima mpunga ku sikimu, kumtunda amalima mtedza ndi chimanga, akhala akusunga kandalama kwa zaka zingapo ndipo mwana wawo amene ali ku Joni waonjezerapo, ndiye akufuna thalakitala yoti azilimira minda yawo komanso kulimira anthu ena pa hayala. Anapita kwa dila wina ku Lilongwe, anawalembera kotesheni, koma mnyamata wogulitsayo anawauza kuti atsala awiri okha, apereke dipoziti msangamsanga chifukwa mtengo ukukwera sabata ya mawa. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi malo ngati amenewa munthu amanenerera ngati pamsika? Ndikuopa kuoneka wachimidzi, komanso ndikuopa kuberedwa."

Bambo, amanenerera. Musachite manyazi ngakhale pang'ono. Matailosi aja ndi mpweya wozizira wa mu ofesi muja zisakuopseni, pamene paja ndi pamsika basi, kusiyana kwake ndi msika wa pa Kamuzu Road kuno ku Salima n'koti iwo avala tayi. Mabwana a ma esiteti akapita kumeneko amanenerera mpaka thukuta, ndiye inu amene ndalama yanu mwaitola thumba limodzilimodzi la mpunga muopenji?

Koma pali chinthu chimene ine ndinachimvetsa mochedwa, nditapsa kale. Mtengo wa thalakitala si nambala ili pansi pa pepala ija ayi. Mtengo wake ndi ndalama yonse imene ituluke m'thumba mwanu kufikira tsiku limene makinawo aima pamunda panu, pulawo ili kumbuyo, dalaivala wakwera, akulima. Ndiye mukamanenerera muzinenerera zonsezo pamodzi, osati kumangolimbana ndi nambala imodzi ija.

Ndikufotokozereni chifukwa chake. Kuno kwathu thalakitala sitipanga, dila amaitanitsa kunja ndi madola, ndipo nkhani ya kusowa kwa ndalama zakunja mukuidziwa nokha. Pa makina enieniwo amachotserako inde koma samapita patali, amakuuzani kuti akatsika kwambiri sakwanitsa kuitanitsa ena, ndipo pamenepo nthawi zambiri sakunama. Pomwe ali ndi mpata ndi pa zinthu zozungulira. Transipoti mwachitsanzo. Kuchoka ku Lilongwe kudzera kuno ku Salima, kukwera M5 mpaka ku Bua ndi makilomita opitirira 200, ndipo thalakitala ngakhale muithamangitse bwanji imangosewera cha m'ma 30 pa ola, mukati muyende nayo pa tala ndi tsiku lathunthu, dizilo wanu, matayala atsopano akudyeka pachabe. Auzeni aikweze pa lole akakutulireni pakhomo, ndipo zilembedwe. Sevisi yoyamba, imene makina ambiri atsopano amafuna akangokwana maola 50, auzeni makaniko wawo abwere kwanu ndi oilo ndi mafyuluta mwaulere. Pemphani mafyuluta ena a sevisi yachiwiri, kadenga koteteza dalaivala ku dzuwa (dzuwa la kunyanja kuno mu Okutobala mukulidziwa), zitsulo zolemera za kutsogolo zija, ndi tsiku limodzi kapena awiri oti munthu wawo amuphunzitse dalaivala wanu kuchuna pulawo. Izi kwa iwo ndi zazing'ono, kwa inu mukaziphatikiza ndi ndalama yoti mukanagulira feteleza wa munda wonse.

Ndipo pulawo, halo yophwanyira zibuma ndi telela musagule padera tsiku lina. Ziikeni pa tebulo limodzi ndi thalakitalayo, chifukwa munthu wogula zinthu zinayi amamumvera kusiyana ndi wogula chimodzi. Koma pa kotesheni chilichonse chikhale ndi mzere wake ndi mtengo wake, asakulembereni nambala imodzi ya zonse, mukapanda kutero amakuchotserani pa thalakitala n'kukabweza pa pulawo inu osadziwa. Funsaninso ngati msonkho ndi zolembetsa ku Road Traffic zili momwemo kapena zikubwera pambuyo.

Tsopano nkhani ya "atsala awiri, mtengo ukukwera". Mwina ndi zoona, mwina ndi nyimbo imene amaimbira aliyense, ogulitsa ambiri amadyera pa komishoni ndiye amafuna musaine mutu usanazizire. Njira yodziwira ndi yosavuta, muuzeni akuonetseni awiriwo ndi maso, muwerenge nambala ya chasisi ndi ya injini, mulembe m'kabuku kanu. Apa ndi pamene ine ndinapsera. Mu 2023 ine ndi mlamu wanga tinapereka dipoziti kwa dila wina, dzina lake likhale, pa thalakitala yomwe anati ili m'njira ikubwera. Lisiti anatipatsa koma linangolembedwa kuti dipoziti, basi, osatchula mtengo wonse, osatchula makina ake ndi ati. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti, tikupita kukatenga akutiuza kuti mtengo unali wa madola, tionjezere. Ndinakhala pa mpando uja lisiti lili m'manja ndikuliwerenga kutsogolo ndi kumbuyo ngati mwina mawu ena atulukira, mlamu wanga anangotuluka panja kukaima pa galimoto osayankhula. Mvula inali itayandikira, anthu tinali titawalonjeza kale kuti tiwalimira, tinagulitsa ng'ombe kuti tikwanitse. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo sindikufuna zikuchitikireni. Dipoziti isatuluke pokhapokha pepala likunena mtengo wonse mu makwacha, nambala ya chasisi ya thalakitala yanuyo, tsiku loitenga, komanso kuti akalephera tsikulo ndalama yanu ibwerera yonse. Akakana kulemba zimenezi, nyamukani. Ndipo ndalama idutse ku banki mu akaunti ya kampani, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya mnyamata wogulitsayo ngakhale akhale waulemu chotani.

Mphamvu yanu yaikulu ponenerera ndi kutha kunyamuka n'kumapita, ndipo munthu amatha kunyamuka ngati ali ndi kwina kolowera komanso ngati nthawi ili mbali yake. Ndiye kotesheni imodzi siyokwana. Zungulirani, tengani zitatu, ya Massey Ferguson, ya New Holland kapena John Deere, ndi ina ya ma India aja monga Mahindra kapena Sonalika, zonse za mphamvu yofanana kuti muyerekeze zinthu zofanana. Mukabwerera kwa amene mwamukonda, mapepala enawo muwaike poonekera, simukuyenera kunama kapena kukuwa, mungoti "akuluakulu ine mtima wanga uli pa yanuyi koma anzanu andipatsa izi, mundithandiza bwanji?" kenako khalani chete. Kukhala chete kumeneku anthu ambiri kumatikanika, timayamba kudziyankha tokha, kuseka, kupepesa. Musiyeni iyeyo ayankhule. Akati sangathe, pemphani kuonana ndi manijala, chifukwa mnyamata wa pakhomo uja kawirikawiri ali ndi malire amene sangadutse. Ndipo ndalama imene muli nayo musaitchule koyambirira, za mwana wa ku Joni zija zisatuluke m'kamwa, akangodziwa kukula kwa thumba mtengo umakula kufanana nalo.

Za nthawi, musapite mu Okutobala kapena Novembala mitambo itayamba kusonkhana, nthawi imeneyo aliyense akufuna thalakitala ndipo nkhope yanu imaonetsa yokha kuti mwapanikizika. Pitani mukangokolola, Juni kapena Julayi, mukhale ndi miyezi yoti mukhoza kunena kuti ndikaganize kaye, n'kukaganizadi.

Pali funso lina limene simunandifunse koma ndikuona kuti ndi lalikulu kuposa la mtengo. Mwati mumalima ku sikimu ndi kumtunda. Awa ndi malo awiri osiyana kwambiri. Kumtunda kwa mtedza thalakitala wamba yokoka ndi matayala akumbuyo okha, monga Massey Ferguson 375 ya mahosipawa 75 ija, imakoka pulawo ya madisiki atatu bwinobwino. Koma dothi la makande la kudambo likangonyowa ndi nkhani ina, ine ndinaonapo cha ku Lifuwu thalakitala itatitimira mpaka pamimba, matayala akungozungulira kuponya matope, anyamata akudula nthambi kuika pansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mapeto ake inachita kudzakokedwa ndi inzake. Ngati ntchito yanu yambiri ili kudambo, mukufunika ya 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo ndi yodulirapo. Komanso ngati timinda ta ku sikimu ndi tating'ono tokhala ndi migula mbali zonse, thalakitala yaikulu ilibe potembenukira, mwina chimene chikuyenerani kumeneko ndi kathalakitala koyenda nako pansi kaja, power tiller, komwe mtengo wake ndi wotsika kutalitali. Khalani pansi ndi mayi akunyumba muwerenge, maekala anu ndi angati, a anthu amene mukutsimikiza kuti adzalipira hayala ndi angati, osati amene amangoti tidzakuitanani. Nyengo yolima ndi yaifupi, miyezi yotsalayo makinawo azidzadya chiyani? Ngati kuli ntchito yokoka telela, kututa mpunga, njerwa, mchenga, bola. Walira mvula walira matope bambo, dizilo, dalaivala, matayala, zonsezi zikubwera limodzi ndi makiyi. Mukadziwa chimene mukufuna palibe angakukankhireni chachikulu chimene simukuchisowa, kapena chaching'ono chimene changokhalitsa pa yadi pawo.

Mwina muganizanso za yogwiritsidwa kale ntchito, poti mtengo wake umakopa. Si zoipa, ma Massey akale a injini ya Perkins alipo ambiri akugwirabe ntchito ndipo amakaniko athu amawadziwa ngati chikhatho chawo. Apa ndiye kunenerera kumakoma chifukwa vuto lililonse mwalipeza ndi ndalama yochotsera. Koma pitani ndi makaniko wanu, womulipira inuyo, osati amene wogulitsa wakupezerani. Fikani m'mamawa musananene ola, gwirani injini ndi dzanja, ikakhala yofunda dziwani kuti ailiza kale kuti musaone mmene imavutira kudzuka. Ilizeni ili yozizira muone utsi, wakuda pang'ono poyamba si nkhani, koma wabuluu wosatha ndiye kuti ikudya oilo. Sololani kachitsulo koyezera oilo, akaoneka ngati tiyi wamkaka madzi akulowa. Mita ya maola musaikhulupirire yokha, amabweza kapena kusintha, yang'anani chopondera kilachi mmene chasalalira ndi bowo lokolekapo telela kumbuyo, likakhala kuti linasiya kuzungulira lakhala ngati dzira pomwe mita ikuti maola ochepa, wina akunama. Kolekani pulawo, inyamuleni m'mwamba, zimitsani injini, dikirani. Ikamatsika yokha mofulumira hydraulic, imene imanyamula pulawoyo, yatopa. Penti yatsopano yofiira isakutengeni mtima, penti ndi yotchipa kuposa china chilichonse pa thalakitala. Matayala akumbuyo ndiye muwayang'anitsitse ming'alu ya m'mbali, awiri amenewo kugula atsopano ndi ndalama yoti ingakugonetseni ndi njala. Ndipo mapepala, blue book dzina likhale la amene akugulitsayo, manambala agwirizane ndi a pa chitsulo, mufunsenso ngati ilibe ngongole ku banki.

Kubwerera ku yatsopano, waranti muiwerenge nokha mzere ndi mzere, kapena mwana akuwerengereni. Ndi ya miyezi ingati kapena maola angati, chimene chayamba kukwana? Ikaonongeka ku Bua amabwera okha kapena mukuyenera kuinyamula kupita nayo ku Lilongwe, ndipo mafuta a galimoto ya makaniko amalipira ndani? Ambiri waranti imafa mukangopangitsa sevisi kwa makaniko wa pansi pa mtengo, ndiye dziwiranitu. Kenako, musanalipire, lowani ku kauntala ya masipeya ngati munthu wongodutsa, funsani fyuluta ya dizilo, lamba, kilachi puleti, pampu ya madzi ya mtundu womwe mukufuna kugulawo. Akati zilipo, aonetseni. Akayamba za tiitanitsa zifika mwezi wa mawa, ganizirani mawu omwewo mukuwamva mu Disembala mvula ikugwa, anthu anakulipirani kale ndipo aima pakhomo panu. Ine thalakitala yodulirako pang'ono koma masipeya ake opezeka ngakhale m'mashopu a ku Lilongwe ndimaisankha kusiyana ndi yotchipa yosowa nati imodzi.

Ndiye mnyamata uja akaimbanso foni mawa, muyankheni mwaulemu kuti mukubwera sabata ya mawa ndi mnzanu wodziwa za makina, akukonzereni kotesheni yatsopano yolemba chilichonse pachokha, ndi masiku amene mtengowo ukhale osasintha. Akati pofika tsikulo adzakhala atapita, muuzeni kuti palibe vuto mudzaona obwerawo. Mukatolera makotesheni atatu aja ajambuleni munditumizire pa imelo yomweyi, mundiuzenso maekala a kudambo ndi a kumtunda padera, tidzaunikire limodzi musanapite ku banki.