Mafinya asiya, kodi ndimuuzebe?

Lachiwiri ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Blantyre, wazaka 26. Anapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Akuti ali ndi chibwenzi chimene akufuna kumanga nacho banja chaka chamawa, koma mwezi watha, atapita kunyanja ndi anzake, anagona ndi mtsikana wina popanda kondomu. Patapita masiku 4 anayamba kumva kuwotcha pokodza, m'mawa n'kumapeza mafinya pakabudula wamkati. Anagula makapisozi pagolosale, n'kumwa masiku 3, zonse zinasiya. Funso lake ndi ili: "Popeza ndachira, komanso ndinachita mdulidwe kalekale, pali chifukwa chomuuzira mnzangayu? Tinakhalira limodzi kawiri ndisanadziwe."

Achimwene, muuzeni. Koma tiyambe ndi mawu akuti "ndachira", chifukwa ine ndikuwakayikira.

Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi chinzonono. Vuto n'lakuti chinzonono nthawi zambiri chimayenda ndi anzake, makamaka chlamydia, amene mankhwala ake ndi ena. N'chifukwa chake kuchipatala, munthu akabwera ndi mafinya, samupatsa mankhwala amtundu umodzi: amamubaya jakisoni n'kumupatsanso mapilitsi okamwa kunyumba. Makapisozi a pagolosale aja, amene amawasunga m'botolo pafupi ndi maswiti ndi machesi, n'kumagulitsa awiriawiri malinga ndi ndalama ya munthu, amatha kungogonetsa matenda. Mafinya amauma, kuwotcha kumaleka, koma tizilombo tili momwemo. Kamwedwe koteroko ndi kamene kathandizanso kuti chinzonono chizipima mankhwala. Kale penisilini ankachithetsa, chinamuzolowera. Ciprofloxacin nayenso m'mayiko ambiri anagonja. Lero bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likudalira kwambiri jakisoni wa ceftriaxone, ndipo ameneyu simungamupeze pa okala.

Tsopano za mlamu wathuyo. Inu amuna matendawa amakuchenjezani msanga, mumachita kugwira khoma pokodza. Akazi ambiri samva kanthu. Ena amangoona chikazi chasintha pang'ono, kapena kam'mimba kupotokola pansi pa mchombo, n'kumati mwina ndi msambo ukubwera. Panthawiyo tizilombo tikukwera kuchoka pakhomo la chiberekero kupita m'machubu. Machubu akatupa n'kupola ndi zipsera amatsekeka. Mapeto ake mkazi satenga pakati, kapena mimba imakhala m'chubu momwemo, zimene zimapha ngati sanathamangire naye kuchipatala. Ndiye taganizirani: zaka 3 muli m'banja, mwana kulibe, azakhali anu ayamba kulankhula zokuluwika pamaliro ndi paukwati, ankhoswe akhalirana pansi, wina wabweretsa mizu ya kwa sing'anga. Chala chonse chikuloza mkazi. Inu nokha ndi amene mudzakhale mukudziwa za ulendo wa kunyanja uja. Ndaonapo mayi wina wa kwathu akubwezedwa kwawo ndi sutikesi imodzi pa nkhani ya kusabereka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa mwamunayo kuti anayendapo bwanji.

Ngakhale mutangoganizira za inu nokha, kubisa sikukupindulirani. Mukalandira mankhwala inu, iye osalandira, tsiku limene mudzakhalirenso limodzi adzakubwezerani matenda omwewo. Chinzonono si chikuku choti ukadwala kamodzi basi.

Za mdulidwe, anthu ambiri anazimva mwatheka. Kafukufuku amene anachitika ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda anapeza kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mpata woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi. Kuchepetsa, osati kutseka. Ndipo nambala imeneyi ndi ya HIV. Kwa chinzonono khungu lija kaya lilipo kaya linachoka, chimalowera panjira ya mkodzo. Umboni muli nawo kale m'kabudula mwanu. Anyamata amene amati "ndinadula, ndimenya pleni" kapena "switi sadyera m'pepala" akunamizana. Chishango chikupezeka pafupifupi pagolosale iliyonse, ndipo m'zipatala za boma makondomu ndi aulere.

Mukapita kuchipatala mukapemphe kuyezetsa HIV ndi chindoko, nonse awiri. Chindoko ndimachiopa chifukwa cha ulemu wake. Chimayamba ndi kachilonda kosapweteka, kamene kamapola kokha pakatha milungu ingapo, munthu n'kuiwala. Kenako zidzolo m'zikhatho ndi kumapazi, nazonso n'kuzimiririka. Chimakhala phee m'magazi zaka ndi zaka, mpaka kudzagwira mtima kapena ubongo, kapenanso kupha mwana m'mimba mwa mayi ake. Chonsecho chikapezeka msanga jakisoni wa benzathine penisilini amachithetsa. Za HIV, zotsatira zikatuluka zabwino musavine kaye: kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga pa zoyezera zapachala zija, choncho mudzabwererenso pa tsiku limene adzakuuzeni, ndipo pofika miyezi 3 mudzakhala ndi yankho lodalirika.

Chimene chandiwawa powerenga kalata yanu n'chakuti mukanapita kuchipatala m'mawa mwa tsiku lotsatira mutagona ndi mtsikana uja, akanakupatsani PEP. Awa ndi ma ARV amene munthu amamwa masiku 28 kuti kachilombo kasakhazikike, koma ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Kwa inu nthawiyo inadutsa. Ndalemba kuti ena owerenga adziwe, makamaka amene kondomu yawaphulikira kapena agwiriridwa. Palinso PrEP, mankhwala amene munthu amalandira asanakumane ndi kachilombo, ya anthu amene akudziwa kuti moyo wawo umawaika pachiopsezo kawirikawiri, koma PrEP imatchinga HIV yokha, chinzonono ndi chindoko zimadutsa.

Nanga mumuuza bwanji? Apa sindikunamizani kuti zikhala zophweka. Akhoza kulira, akhoza kukutukwanani, akhoza kuthetsa chibwenzi, ndipo ufulu umenewo ali nawo. Musamuuze pa WhatsApp. Musayambenso ndi bodza lija lakuti munatengera pachimbudzi kapena pa thaulo la mnzanu, anamwino akamva zimenezo amangoyang'anana. Komanso musamugulire makapisozi n'kumuuza kuti ndi a malungo. Ena amachitadi zimenezi. Mukhale naye pansi awiriwiri, munene kuti munalakwa, munadwala, ndipo mukuopa kuti mwamupatsira. Ngati pakamwa pakulemera, yambani mwapita nokha. Kuchipatala amapereka kakalata koitanira bwenzi kuti nalo likalandire mankhwala, ndipo mukhoza kupempha mlangizi kuti akuthandizeni kulankhula naye m'chipinda momwemo. Mtsikana wa kunyanja uja nayenso, ngati nambala yake muli nayo, mutumizireni uthenga.

Popita mutenge buku lanu la kuchipatala ndi kapepala ka makapisozi aja ngati simunataye, adokotala akaone chimene munamwa. Mukalandira mankhwala mukamalize onse, ndipo musagonane mpaka patatha masiku 7 nonse awiri mutalandira chithandizo. Mudzandilemberenso mukabwerako.