Pepala limenelo musadindepo chala

Achimwene, ngakhale akampani ofuna malo anuwo anene kuti pepalalo ndi longolembapo mayina a obwera kumsonkhano, musasaine. Ifenso anatiuza zomwezo. Analankhula maola awiri m'chinenero chimene akuluakulu athu sankachimva, womasulira akungodumphadumpha. Pomaliza anayendetsa pepala, ife n'kudinda. Patatha miyezi inayi, pepala lomwelo linasanduka umboni woti mtundu wathu wavomera kusamuka.

Makina anafika mame asanakamuke, ndipo anayambira kumanda. Mayi anga anakagona kutsogolo kwa katapila. Mlonda anawagwira mwendo n'kuwakhwekhwereza pamiyala, iwo akuitana dzina la malemu bambo. Ine ndinangoima, miyendo itauma gwa. Mtengo umene tinkazindikirira manda a bambo anauzula ngati udzu, ndipo mpaka lero sindingaloze pamene anagona. Dzanja limene mayi anathyoka tsiku limenelo silinawongokenso.

Akampani amandiwawa, inde, koma amene amandinyansa kwenikweni ndi mwana wathu yemwe, amene tinamusankha kuti atilankhulire chifukwa anapita kusukulu. Ankadziwa zimene zinali papepalapo! Anayamba kusaina ndi iyeyo, kuti ena tisaope. Lero akatiwona amayang'ana kumbali.

Za malamulo mukufunsazo, zilipo. Chikalata cha United Nations cha 2007 cha ufulu wa mitundu ya eni nthaka, ndime 3, chimati ali ndi ufulu wodzisankhira tsogolo lawo. Ndime 10 imaletsa kuwasamutsa asanavomere mwaufulu, atauzidwa zonse. Koma chilibe mano, sichikakamiza boma. Limene limamanga boma ndi pangano nambala 169 la 1989 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, koma mu Africa monse analivomereza ndi Central African Republic yokha. Taonani mtundu wa a Ogiek a ku Kenya: anapambana mlandu kukhoti la Africa ku Arusha mu 2017, koma mu 2023 anawagwetserabe nyumba m'nkhalango ya Mau. Ndiye ine zamakhoti ndinataya nazo mtima.

Komabe pezani loya msanga, mukatenge chiletso makina asanafike. Kumsonkhanoko pitani ndithu, musanyanyale, angadzati munakana nokha kukambirana. Mutenge womasulira wanu, mujambule mawu onse pafoni. Ndipo manda aliwonse muwajambule sabata ino, pamodzi ndi mitengo yake. Ife atatifunsa umboni tinalibe chithunzi ngakhale chimodzi.